Zida zolumikizira ndi kuika khitchini ya flat-pack

Khitchini ya flat-pack ndi makabati a kukhitchini amene amagulitsidwa asanalumikizidwe. Matabwa ake amadulidwa ndi kubooledwa kufakitale, n'kuikidwa m'makatoni athyathyathya pamodzi ndi masikuluwu, mahinjesi, miyendo ndi kabuku ka malangizo. Wogula, kapena mmisiri amene wamulemba ntchito, ndiye amakalumikiza kunyumba. Ntchitoyi ili pawiri. Yoyamba ndi kulumikiza kabati iliyonse kuti ikhale bokosi. Yachiwiri ndi kuika makabatiwo m'chipinda, kuwamangirira kukhoma, kudula thabwa lapamwamba ndi kuikapo sinki. Zida za ntchito yoyamba n'zochepa ndiponso n'zotchipa. Zida zambiri, komanso zokwera mtengo, zimafunika pa ntchito yachiwiri, chifukwa makabati amatuluka m'makina ali olingana ndendende, pamene makoma ndi pansi pa nyumba kawirikawiri sizikhala zowongoka chomwecho.

Chiyambi chake

Kugulitsa mipando yosalumikiza kunayamba kale. Mu 1859 kampani ya Michael Thonet ya ku Vienna inatulutsa mpando wotchedwa Nambala 14, wopangidwa ndi zidutswa zisanu ndi chimodzi za mtengo wopindidwa ndi nthunzi. Mipando 36 yotere inkakwana m'bokosi la mita imodzi mbali zonse, ndipo inkalumikizidwa ndi masikuluwu ikafika kumene inkapita. Mu 1926 Margarete Schütte-Lihotzky, katswiri wojambula mapulani a nyumba wa ku Austria, anakonza khitchini ya makabati oyezedwa mofanana kuti iziikidwa m'nyumba zatsopano za mumzinda wa Frankfurt ku Germany, ndipo makhitchini pafupifupi 10,000 a mtundu umenewu anamangidwa. Koma kampani imene inatchukitsa kwambiri katundu wa flat-pack ndi IKEA ya ku Sweden, yomwe Ingvar Kamprad anaiyambitsa mu 1943. Nkhani yomwe imakambidwa ndi yakuti mu 1956 wantchito wake wina, Gillis Lundgren, anachotsa miyendo ya tebulo kuti likwane m'galimoto, kampaniyo n'kuona kuti katundu wosalumikiza sadula kunyamula ndi kusunga.

Masiku ano makhitchini otere amagulitsidwa ndi IKEA, ndi masitolo monga B&Q ndi Wickes ku Britain, komanso Bunnings ku Australia. Ku Malawi ndi ku Zambia makabati ambiri amakhomedwa ndi akalipentala atayeza chipinda, koma zida zowaikira kukhoma n'zomwezi.

Chimene chimachepetsa zida zolumikizira ndi muyezo wa mabowo umene mafakitale ambiri amatsata, wotchedwa System 32. M'mbali mwa kabati mumakhala mizere ya mabowo a mamilimita 5, otalikirana mamilimita 32, ndipo mzere wakutsogolo umakhala mamilimita 37 kuchokera m'mphepete mwa thabwa. Mahinjesi, njanji za madirowa ndi tizitsulo tonyamula mashelefu zimapangidwa kuti zilowe m'mabowo amenewa. Ntchito yoyeza ndi kuboola imene kalipentala akanatha nayo tsiku lathunthu imakhala itachitika kale pa makina.

Zida zolumikizira makabati

Matabwa a kabati amagwirana ndi tizikhomo tamtengo, masikuluwu, ndiponso kachitsulo kozungulira kotchedwa cam. Cam imakhala m'bowo la mamilimita 15 pathabwa limodzi, ndipo ikapotokoledwa pafupifupi theka la kuzungulira kumodzi imakoka mutu wa bawuti yomwe yamangidwa pathabwa linalo. Pa zonsezi chida chachikulu ndi sikuludiraiva.

Pano ndi pamene ambiri amasokonezeka. Masikuluwu a mutu wa mtanda alipo a mitundu iwiri yofanana kwambiri, Phillips ndi Pozidriv. Wa Pozidriv, umene unayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1960, umadziwika ndi timizere tinayi tating'ono tojambulidwa pakati pa mikono ya mtandawo. Makabati ambiri a ku Ulaya amabwera ndi masikuluwu a Pozidriv, makamaka a saizi ya PZ2. Sikuludiraiva ya Phillips imalowamo ndithu, koma imaterereka, ndipo ikaterereka kangapo mutu wa sikuluwu umaphwasuka moti sungathenso kumangidwa kapena kumasulidwa. Sikuludiraiva ya mlomo wosalala imafunikanso popotokola ma cam ena.

Kiyi ya ngodya zisanu ndi imodzi, yotchedwa Allen potengera kampani ya Allen Manufacturing ya ku Hartford m'chigawo cha Connecticut ku America, ndiyo anthu ambiri amaiganizira akamva za flat-pack. Pa makabati a kukhitchini siigwira ntchito yaikulu monga pa mabedi ndi matebulo, ndipo ikafunika nthawi zambiri imabwera m'katoni momwemo.

Dirilo yoyendera batire imafulumizitsa ntchito, chifukwa khitchini imodzi imatha kukhala ndi masikuluwu mazana angapo. Komabe iyenera kukhala ndi kolala yochepetsera mphamvu, ndipo kolalayo iikidwe pa nambala yotsika. Makabati ambiri ndi a chipboard, thabwa lopangidwa pophatikiza tizidutswa ta mitengo ndi guluu n'kulikuta ndi melamine. Sikuluwu ikamangidwa mopitirira muyezo imatafuna tizidutswato, bowo n'kukula, ndipo sigwiranso. N'chifukwa chake chida champhamvu chotchedwa impact driver, ngakhale chili chabwino pokhoma denga, sichiyenera kugwiritsidwa ntchito pa kabati. Ma cam ndi mahinjesi ndi bwino kumalizitsa ndi manja.

Hamala ya rabala imalowetsa tizikhomo ndi kugunditsa matabwa popanda kusiya chipsera. Hamala yaing'ono yachitsulo imakhomera misomali ya thabwa lopyapyala lakumbuyo. Thabwa limeneli limaoneka lachabechabe, komatu ndi limene limagwira kabati kuti isapendekeke. Asanalikhome, mmisiri amayeza ndi tepi kuchokera pa ngodya imodzi kukafika pa ngodya yopingasana nayo, kenako n'kuyezanso ngodya ziwiri zotsalazo. Miyezo iwiriyo ikafanana ndiye kuti bokosi lili pa sikweya. Ikasiyana, misomali idzalisunga lokhota mpaka kalekale, ndipo zitseko sizidzakhala bwino ngakhale zisinthidwe chotani. Makatoni opanda kanthu amayalidwa pansi kuti matabwa asakandike.

Zida zoyezera

Khitchini imayamba ndi mzere wa pensulo pakhoma, kabati iliyonse isanayandikire. Mmisiri amafufuza malo okwera kwambiri a pansi pa chipinda, chifukwa miyendo ya makabati imatha kutalikitsidwa kuti ifike pamalo otsika, pamene malo okwera sangathe kutsitsidwa. Kuchokera pamalo okwerawo amayeza kutalika kwa kabati ndi miyendo yake, n'kujambula mzere wa levulo kuzungulira makoma onse amene padzakhale makabati. Miyezo ina yonse imachokera pa mzere umenewu, osati pansi.

Kutalika kwake kumasiyana malinga ndi kampani. Ku Britain kabati yapansi nthawi zambiri imakhala mamilimita 720, miyendo mamilimita 150, ndipo thabwa lapamwamba likaikidwa zonse zimafika cha m'ma 910. Makabati a METOD a IKEA ndi a masentimita 80 pa miyendo ya masentimita 8. Miyendo yaifupi chonchi ili ndi malire ochepa osinthira, motero pansi popendekeka kwambiri pamafunika kudziwika ntchito isanayambe.

Levulo ya kathovu imafunika iwiri: yaifupi ya masentimita 60 yoyezera kabati imodzi kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, ndi yaitali ya mita imodzi ndi masentimita 20 kapena kuposerapo yoyezera makabati angapo pamodzi. Levulo yaifupi payokha imanamiza. Kabati iliyonse ikaphonya ndi mamilimita awiri okha kulowera mbali imodzi, pofika pa kabati yachisanu kusiyanako kumakhala sentimita yathunthu, ndipo madzi otayikira pathabwa lapamwamba amayenderera kumapeto. Levulo yokha iyeneranso kuyesedwa: ikaikidwa pamalo, kenako n'kuitembenuza kuti kumanja kupite kumanzere, kathovu kayenera kuima pamalo omwewo.

Levulo ya laser imaponya mzere wowala pamakoma onse nthawi imodzi, ndipo amisiri ambiri a makhitchini ku Ulaya ndiyo amagwiritsa ntchito. Si yoti popanda iyo ntchito singatheke. Paipi yapulasitiki yoonekera mkati yodzaza madzi, imene amisiri omanga nyumba ku Malawi amaidziwa bwino, imapereka mzere wolondola chimodzimodzi malinga ngati mulibe mpweya, chifukwa madzi a mbali ziwiri za paipiyo amaima pa msinkhu umodzi. Imangofuna anthu awiri ndi kudekha.

Ngodya za chipinda zimayesedwa ndi lamulo la 3, 4, 5. Pakhoma limodzi amayeza masentimita 60 kuchokera pangodya, pakhoma linalo masentimita 80, ndipo mtunda wa pakati pa zizindikiro ziwirizo uyenera kukhala masentimita 100 ngati ngodyayo ili ya madigiri 90. M'nyumba zakale sizichitikachitika kuti ukwane ndendende. Kudziwiratu zimenezi kumathandiza kusankha mbali imene makabati adzasiye mpata ndi khoma, komanso mmene thabwa lapamwamba lidzadulidwire.

Zida zomangirira kukhoma

Kabati yam'mwamba yodzaza mbale zadothi ndi mapoto imalemera kwambiri, ndipo kulemera konseko kumatsamira pa masikuluwu ochepa. Ili ndilo gawo limene kulakwitsa kungavulaze munthu. IKEA siika masikuluwu ndi mapulagi a kukhoma m'makatoni ake, ponena kuti makoma amasiyana. Wogula ayenera kusankha yekha zogwirizana ndi khoma lake.

Chida choyamba ndi kamakina kofufuzira mawaya ndi mapaipi obisika m'khoma. Ku Britain malamulo a zamagetsi amalola kuti mawaya adutse molunjika m'mwamba, m'munsi kapena cham'mbali kuchokera pa soketi kapena swichi, komanso mkati mwa mamilimita 150 kuchokera kusiling'i kapena pangodya ya makoma. Amisiri amapewa kuboola m'malo amenewa asanafufuze. Kukhitchini masoketi amakhala ambiri, ndipo amakhala ndendende pansi pa malo amene makabati am'mwamba amapachikidwa.

Khoma la njerwa kapena la konkire limabooledwa ndi dirilo yomenya, yokhala ndi biti ya mwala. Biti ndi kachitsulo koboolera kamene kamamangidwa kutsogolo kwa dirilo. Pa konkire yolimba pamafunika dirilo ya mtundu wa SDS, umene kampani ya Bosch inatulutsa mu 1975. M'bowomo mumalowa pulagi imene imafufuma sikuluwu ikamalowa. Pulagi yoyamba inapangidwa ndi John Joseph Rawlings wa ku London cha m'ma 1911, ndipo n'kumene kunachokera dzina lakuti Rawlplug. Ya nayiloni imene ili ponseponse masiku ano inapangidwa ndi Artur Fischer wa ku Germany mu 1958. Saizi ya biti iyenera kufanana ndi ya pulagi, ndipo fumbi lichotsedwe m'bowo pulagi isanalowe.

Pulagi imagwira m'njerwa, osati m'pulasitala. Pamene pulasitala ndi wokhuthala pamafunika masikuluwu aatali. Njerwa zosapsa bwino, monga zina za m'mauvuni a m'midzi, zimafumbutuka dirilo ikamamenya, bowo n'kukula kuposa pulagi. Pakhoma lotere ndi bwino kuzimitsa kumenyako n'kuboola mozungulira chabe, ndipo ngati njerwa ndi yofewa kwambiri amagwiritsa ntchito bawuti yomatidwa ndi utomoni wa resin. Bowo likagwera m'dothi la pakati pa njerwa silingadaliridwe.

Nyumba zambiri za ku Britain, America ndi Australia zili ndi makoma amkati a plasterboard, bolodi lopyapyala lokhomedwa pa mitengo kapena zitsulo zoimirira. Mitengoyo imatalikirana mamilimita a pakati pa 400 ndi 600, ndipo ku America mainchesi 16. Kabati iyenera kumangidwa pa mitengoyo, imene imapezeka ndi kamakina kotchedwa stud finder. Makhitchini ena, kuphatikizapo METOD, amapachikidwa pa njanji yachitsulo yomwe imamangidwa kukhoma poyamba. Njanjiyi imadulidwa ndi sowo yodulira zitsulo, ndipo pamene khoma lalowa mkati amaikapo tizipapati kumbuyo kwake kuti isapindike. Ubwino wake ndi wakuti levulo imayezedwa kamodzi pa njanji yopepuka, m'malo moyeza kabati iliyonse munthu ataisenza.

Makwerero olimba ndi munthu wachiwiri n'zofunika popachika. Makabati oyandikana amapanidwa ndi zopanira ziwiri kuti nkhope zake zilingane, kenako amabooledwa n'kulumikizidwa ndi masikuluwu. Kuika kumayambira pangodya. Amisiri ena amayamba ndi makabati am'mwamba kuti apansi asawatchinge, pamene ena amayamba ndi apansi kuti apeze poyezera.

Zida zodulira

Zinthu zimene fakitale singathe kudula isanaone nyumba ndi thabwa lapamwamba, matabwa otseka mipata, thabwa lobisa miyendo, ndi mabowo a mapaipi.

Thabwa lapamwamba lofala kwambiri ndi la chipboard yokutidwa ndi laminate, lokhuthala mamilimita 38 kapena kucheperapo. Limadulidwa ndi sowo yamagetsi yozungulira ya mano ang'onoang'ono, motsatira thabwa lowongoka lopanidwa pamwamba pake. Mano a sowo imeneyi amadula chokwera, choncho thabwa limatembenuzidwa kuti nkhope yake iyang'ane pansi. Likadulidwa nkhope ili m'mwamba, laminate imabenthuka m'mphepete monse. Sowo yamanja imadula chotsika, ndiye pa iyo nkhope imayang'ana m'mwamba.

Bowo la sinki ndi la chitofu limadulidwa ndi jigsaw, sowo yamagetsi ya mpeni wopyapyala woyenda chokwera ndi chotsika. Poyamba amaboola m'ngodya zinayi ndi biti yaikulu kuti mpeniwo ulowe. Chidutswa chapakati chiyenera kuchirikizidwa pamene kudula kukutha, apo ayi chimagwa n'kung'amba laminate. Thabwa lomwe ladulidwa bowo lotere limatsala ndi timizere tiwiri topyapyala kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo limathyoka msanga likanyamulidwa chogona. Limanyamulidwa choimirira, m'mphepete muli pansi.

Pamene matabwa awiri akumana pangodya ndi pamene ntchito ya katswiri imasiyanira ndi ya wophunzira. Amisiri amagwiritsa ntchito router, makina osema ndi kachitsulo kozungulira mothamanga kwambiri, pamodzi ndi chikombole chotchedwa worktop jig. Router ya ntchitoyi imakhala yaikulu, yolowa kachitsulo ka theka la inchi, ndipo imayenda m'chikombolecho motsogoleredwa ndi mphete ya mamilimita 30. Kudulako kumachitika pang'onopang'ono, maulendo angapo. Kunsi kwa matabwawo amasemako malo a mabawuti amene amakoka mbali ziwirizo kuti zigwirane. Zida ziwirizi n'zodula, ndipo kulakwitsa kamodzi kumawononga thabwa lonse la mamita atatu. Ambiri oika okha khitchini amabwereka zidazi kumasitolo obwereketsa, amaitana mmisiri wa gawo lokhali, kapena amagwiritsa ntchito kachitsulo ka aluminiyamu kolumikizira, komwe n'kosavuta koma kamasunga litsiro.

M'mphepete monse modulidwa muyenera kumatidwa. Chipboard ikamwa madzi imatupa ndipo siibwereranso, moti makhitchini ambiri amayamba kuwonongekera pa sinki ndi pa mfundo za thabwa lapamwamba. Silikoni imapakidwa ndi mfuti yake yofinyira, ndipo chida chotchipachi chimatalikitsa moyo wa khitchini kuposa zida zambiri zamagetsi.

Mpata wotsala pakati pa kabati yomaliza ndi khoma umatsekedwa ndi thabwa lodulidwa motsatira kukhota kwa khomalo. Thabwalo limaimikidwa pafupi ndi khoma, kenako kachidutswa ka mtengo kamayendetsedwa chotsamira khoma, pensulo ili pambali pake, n'kujambula maonekedwe a khomalo pathabwa. Amadula motsatira mzerewo n'kusalaza ndi pulena yaing'ono kapena sandipepala. Mabowo a mapaipi kumbuyo kwa kabati ya sinki amabooledwa ndi sowo yooneka ngati kapu imene imamangidwa pa dirilo. Ku Britain paipi yotaya madzi a sinki imakhala ya mamilimita 40, ndipo yobweretsa madzi ya mamilimita 15.

Matabwa apamwamba amwala, monga granite ndi quartz, sadulidwa ndi zida zimenezi. Amayezedwa ndi kudulidwa ndi makampani ake makabati ataikidwa kale. Fumbi la mwala wopangidwa m'fakitale limayambitsa matenda a m'mapapo otchedwa silicosis, ndipo dziko la Australia linaletsa mwala wotere kuyambira pa 1 July 2024.

Zitseko ndi zogwirira

Mahinjesi obisika amakhala m'bowo la mamilimita 35 kuseri kwa chitseko. Bowoli limabwera lobooledwa kale, ndipo likafunika lina limabooledwa ndi biti ya Forstner. Hinjesi iliyonse ili ndi masikuluwu osunthira chitseko m'mwamba ndi m'munsi, kumanja ndi kumanzere, mkati ndi kunja. Kusintha kumeneku kumafika mamilimita ochepa chabe, kotero sikungabise kabati imene inaikidwa mopendekeka.

Mabowo a zogwirira nthawi zambiri sabwera obooledwa, chifukwa wogula ndiye amasankha mtundu wake. Mtunda wa pakati pa masikuluwu awiri a chogwirira umakhala mamilimita 96, 128 kapena 160, manambala amene onse amagawika ndi 32. Chikombole chapulasitiki, kapena chopangidwa ndi kathabwa kotsala, chimathandiza kuti mabowo akhale pamalo ofanana pa zitseko zonse. Kathabwa kena kamapanidwa kuseri kwa chitseko kuti biti ikamatuluka isabenthule.

Madzi, magetsi ndi gasi

Polumikiza sinki pamafunika sipanala yosinthika, pulayazi ya mapaipi, chodulira mapaipi, tepi yoyera ya PTFE yokulunga pa mazinga, ndi sipanala yaitali yofikira nati ya mpopi kuseri kwa sinki. Ndi kosavuta kumanga mpopi pa sinki isanalowe m'bowo lake kusiyana ndi kuumanga munthu atagona chagada m'kabati.

Magetsi ndi gasi si nkhani ya zida zokha. Ku Britain ntchito ya gasi imachitidwa ndi amisiri olembetsedwa ku Gas Safe Register, imene inalowa m'malo mwa CORGI mu 2009. Ku England ndi Wales ntchito ya magetsi m'nyumba imatsata gawo la malamulo omangira lotchedwa Part P, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2005. Ku South Africa ntchito yatsopano ya magetsi imafuna satifiketi yochokera kwa katswiri wovomerezeka.

Zodzitetezera

Magalasi oteteza maso amafunika poboola ndi podula, ndipo zotseka m'makutu zimafunika pa router ndi sowo yozungulira. Bungwe la IARC, lomwe limafufuza za khansa pansi pa World Health Organization, linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu. Fumbi la MDF, thabwa limene zitseko zambiri zimapangidwa nalo, ndi losalala kwambiri ndipo limakhalitsa mumpweya. Podula pamafunika chophimba mphuno ndi pakamwa cha muyezo wa FFP2 kapena FFP3, ndipo kudulako kuchitikire panja kapena ndi makina okoka fumbi olumikizidwa ku sowo. Magolovesi amathandiza ponyamula matabwa chifukwa m'mphepete mwa melamine mumacheka ngati lumo, koma amavulidwa pogwiritsa ntchito dirilo ndi router, popeza nsalu ikakodwa pa chitsulo chozungulira imakoka dzanja.